Febby Wina wa ku Sandwe

1

Mayina ndasintha, koma zina zonse ndi mmene zinachitikira. Munditche Febby Njobvu. Kwathu ndi kumudzi wina pafupi ndi Nyimba, ndipo m'banja mwathu ndine woyamba kufika ku koleji. Dipuloma yanga ya zaulimi ndinalandira m'chaka cha 2021, atata atamwalira kale. Tsiku limenelo amama anavina mpaka chitenje chinamasuka, ndipo ankauza aliyense kuti umphawi watha pakhomo pawo.

Sunathe. Ndinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka mnyamata wa fotokope pa Nyimba analeka kundifunsa kuti ndikufuna mapepala angati. Kulikonse mawu anali amodzimodzi: tikufuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ndinkadzifunsa kuti zaka ziwirizo munthu amazitola kuti ngati palibe amene akumulemba.

Mu Malichi 2022 kampani ina yogula thonje inaitana anthu ku Petauke. Inkafuna alangizi oti azikakhala ndi alimi kumidzi yakutali. Otifunsa mafunso anali atatu ochokera ku Lusaka, ndipo tinali anthu oposa makumi asanu ndi limodzi pamzere. Ndinayankha bwino, ndinadzimva ndekha. Foni yanga inali itabedwa m'basi sabata imeneyo, choncho pakalata ndinalemba nambala ya amama. Anati tidikire, adzatiimbira.

Ndinadikira. Amama ankati foni sinalire.

2

Ndili ndi mkulu wanga mmodzi, a Hellen. Anasiya sukulu mu giredi 10 atatenga mimba, ndipo pofika 2022 mwamuna wawo anali atathawira ku migodi ya ku Solwezi, n'kuwasiya ndi ana awiri: Wendy wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi khanda la kubere. Anabwerera pakhomo pa amama. Timafanana kwambiri nkhope, kungoti iwo ndi odera pang'ono ndipo amalankhula mokweza.

Patangopita milungu iwiri chichokereni ku Petauke, Wendy anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka ntchafu. Anamugoneka ku chipatala cha Minga, mwendo ataumangira m'mwamba ndi chitsulo. Pankafunika womudikirira. A Hellen anati sangalowe ndi khanda m'chipinda cha odwala, amama anati chimanga chili m'munda chikufuna mlonda. Anandiyang'ana ine. Ndinalibe ntchito, ndiye ndikanakana bwanji?

Ndinakhala ku Minga milungu isanu ndi umodzi. Ndinkagona pamphasa pansi pa bedi la mwanayo, kumutawasa, kumutayira za m'poto wodzithandiziramo, kumuphikira phala kukhitchini kwa odikirira odwala. Amama anabwera kawiri. Ulendo uliwonse funso langa loyamba linali la foni, ndipo yankho lawo linali loti ndisataye mtima, Mulungu sagona.

Titatuluka ndinapeza a Hellen kulibe. Amama anati apeza ntchito yogulitsa m'shopu ya munthu wina ku Sandwe, ndipo apita ndi khanda. Wendy anamusiya kwa ife. Nditatsegula sutikesi yanga ndinapeza envulopu ya mapepala ilipo, dipuloma ili momwemo, koma chitupa changa cha boma, chimene timachitcha reji, mulibe. Mafotokope odindidwa ndi apolisi analibenso. Makope anga atatu a ku koleji sindinawaone, koma ndinangoti mwina ana ayatsira moto. Amama anandikalipira kuti ndine wosasamala, ndipo ndinavomera. Ndinayenda maulendo anayi ku boma kuti nditenge reji ina.

3

Zaka ziwiri zotsatira sindifuna kuzikumbukira kwambiri. Ndinkagulitsa nthochi pamsewu waukulu pa Nyimba, kuthamangira mabasi a ku Chipata ndi beseni pamutu. Tsiku lina pawindo la basi ndinaona mnzanga wa m'kalasi atavala jekete la bungwe lina. Anagula nthochi kwa ine osandiyang'ana kumaso, ndipo sindikudziwa ngati sanandizindikire kapena anandimvera chisoni. Madzulo ndinkathandiza Wendy homuweki, kenako n'kulembanso makalata.

Pakhomo zinthu zinayamba kusintha. Nyumba ya amama inafoleredwa malata. Feteleza ankabwera mvula isanagwe. Pa Khirisimasi a Hellen ankafika ndi mpunga, mafuta ophikira ndi nsapato za ana, n'kubwerera patapita masiku awiri. Kwa ine ankabweretsa chitenje, ndipo ndinkagwada polandira. Nditawapempha kuti ndikawachezere ku Sandwe, mwina mwini shopu angandipezere kenakake, anati msewu ndi woipa ndipo kachipinda kawo n'kakang'ono.

Amama anayamba kundiyerekeza ndi mkulu wanga pamaso pa alendo. Ankati onani, wopanda sukulu ndi amene akutidyetsa, wamapepala akungotha sopo. Ankaseka ponena zimenezi, alendo n'kusekanso. Ine ndinkaseka nawo, chifukwa ndinkaona kuti akunena zoona.

4

Mu Julayi 2024 bungwe lina lothandiza alimi a soya ndi mpendadzuwa linandiitana ku ofesi yawo ya ku Petauke. Nditafunsidwa mafunso, anandiimbira patapita masiku atatu kuti ndibwerenso. Amene anandilandira anali a Kangwa, mayi wa Chibemba woyang'anira za antchito, wamagalasi okhuthala, wolankhula Chinyanja chake pang'onopang'ono.

Anandiuza kuti pa anthu atatu amene anawasankha ine ndinali wachiwiri, chifukwa woyambayo anali atagwirapo ntchito. Koma kalaliki wawo, pofufuza manambala a reji a atatufe m'kaundula wa penshoni, anapeza chinthu chimene chinawadabwitsa. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Dzina langa linali pamenepo, tsiku langa lobadwa, nambala yanga. Pansi pake panali dzina la kampani ya thonje ija, depoti ya ku Sandwe, kuyambira Meyi 2022 mpaka mwezi womwewo.

"Amai Njobvu, mwabisilanji?" anandifunsa. "Zaka ziwili muli m'munda ndi alimi. Ndizo zimene tifuna ife."

Ndikanatha kunena kuti sindinapondepo ku Sandwe. Mawuwo anali pa lilime. Koma ndinayang'ana kompyuta ija, n'kuona zaka ziwiri zimene ndakhala ndikuzifunafuna zitalembedwa pansi pa dzina langa, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena zina.

"Ndinaopa kuti abwana anga angamve kuti ndifuna kuchoka."

A Kangwa anaseka, nati ambiri amatero. Anati ndikabweretse kalata yosiyira ntchito ndi kalata yondichitira umboni yochokera kwa woyang'anira depoti mwezi usanathe, ndipo malowo adzakhala anga. Nditatuluka ndinakakhala pamwala kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Ndinaganiza za reji yanga yotayika. Ndinaganiza za mawu akuti Sandwe. Mtima wanga unakana kulumikiza ziwirizo, ndipo ndinadziuza kuti ndi wakuba wina amene anatola chitupa changa.

5

M'mawa mwake ndinakwera kanta, lole yaing'ono yonyamula matumba, kenako njinga yamoto. Ndinafika ku depoti dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mpaka m'makutu. Panali shedi ya malata, sikelo, ndi mabelo a thonje ataunjikidwa. Woyang'anira, a Sitali, bambo wamtali wa Chilozi, anandiyang'ana kamodzi n'kumwetulira. Anati sindikufunika kudzitchula, nkhope yokha ikusonyeza kuti ndine m'bale wa amai Febby.

Anandiperekeza yekha. M'njira ankangowatama. Anati pa alangizi onse amene anagwira nawo, sanaonepo wolimbika chonchi: amayenda pa njinga makilomita makumi awiri kukaona munda umodzi, amadziwa mlimi aliyense ndi dzina la mkazi wake, ndipo chaka chathachi dera lawo linaposa madera onse pa zokolola. Anati anthu a dipuloma ambiri amaopa matope, koma awa ayi.

Pansi pa mtengo wa msekese panali alimi pafupifupi makumi atatu atakhala pansi. Kutsogolo kwawo kunaima mayi wovala ovolosi yobiriwira ndi chipewa cha kampani, akuwafotokozera chifukwa chake ayenera kuzula ndi kutentha mapesi a thonje akamaliza kukolola, kuti mbozi zisagonere m'munda. Mawuwo ndinawadziwa ndisanaone nkhope. M'dzanja lawo munali kope la chikuto chofiira, lotha m'makona. Linali langa, la chaka chachiwiri, la tizilombo ta mbewu.

A Hellen anandiona. Anaima pakati pa chiganizo. Kenako anamwetulira, n'kutambasula dzanja kuloza ine.

"Alimi anzanga, talandilani mlendo. Uyu ndi mng'ono wanga, Hellen."

Anthu aja anaomba m'manja. Mayi wina wachikulire anadzandigwira dzanja n'kunena kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi mkulu wophunzira, ndizimumvera. Ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu.

6

Kachipinda kawo sikanali kakang'ono. Munali bedi labwino, sofa, ndi kabati ya magalasi. Pakhoma panali fotokope ya dipuloma yanga ili m'felemu. Mwana uja anachoka ali khanda tsopano ankayenda, ndipo anandithawa.

Sanakane chilichonse. Anakhala pa bedi, navula chipewa, n'kufotokoza ngati akunena za mtengo wa chimanga. Foni inalira sabata yachiwiri ine ndili ku Minga. Anayankha ndi amama. A kampani anati Febby Njobvu wapambana, akafike ku depoti ya Sandwe pa 2 Meyi ndi reji ndi mafotokope odindidwa. Anthu a ku Lusaka amene anandiona nkhope sakanafika kutchire kuno, ndipo chithunzi cha pa reji, chojambulidwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chikanatha kukhala cha aliyense wa ife. Amama anagona nazo masiku awiri, kenako anatsegula sutikesi yanga ndi manja awo.

Ndinawafunsa ngati ankadziwa zimene ine ndinkachita sabata imeneyo.

"Ndidziwa," anatero. "Unali kutaya matuvi a mwana wanga."

Ananena zimenezo osagwetsa maso. Anati miyezi itatu yoyamba ankawerenga makope anga mpaka mutu kupweteka, mawu ena a Chingerezi ankafunsa mphunzitsi wa pasukulu yapafupi monamizira kuti akumuyesa. Anati ntchitoyo anaiba, inde, koma thukuta limene anakhetsa m'minda ya ku Sandwe silinali langa. Anandifunsa ngati ndabwera ndi apolisi.

Sindinagone kumeneko. Ndinabwerera ndi kanta yomweyo, ndipo tsiku lotsatira masana ndinapeza amama akusenda nshawa, ndiye kuti mtedza, pakhonde, pansi pa malata awo. Nditanena kumene ndachokera, manja awo sanaleke kusenda.

"Iwe uli ndi mapepala, ndinadziwa kuti udzapeza ina. Amake Wendy analibe kanthu. Unafuna ndichite bwanji, ndione ana afa ndi njala?"

Ndinawakumbutsa za nthochi, za maulendo anayi a ku boma, za mmene ankandisekera pamaso pa alendo. Anati kuseka kuja kunali kuti anthu asakayikire. Anati ndiponso inenso ndinadya nawo mpungawo, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Kenako anandipempha kuti ndiwapatsire lichero.

Ndinawapatsira. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake.

7

Tsopano ndifike pa mbali yanga, imene ndakhala ndikuizengereza.

Ndinaganiza zopita kupolisi. Ndinafika mpaka pachipata. Koma ndinawerengera zimene zingatsatire: a Hellen kundende, amama kukhoti, dzina langa m'kamwa mwa aliyense kuyambira Nyimba mpaka Petauke, ndipo a Kangwa akanadziwa kuti ndinawanamiza m'maso muli gwa. Malo aja akanapita kwa wina. Ine ndikanabwerera ku mabasi ndi chilungamo changa pamutu.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinabwerera pachipatapo chifukwa chomvera chisoni ana. Ayi. Ndinabwerera chifukwa ndinkafuna kalata ya a Sitali.

Ndinawaimbira a Hellen n'kuwauza zochita. Alembe kalata yosiya ntchito, anene kuti amama akudwala ndipo akufunika pafupi. Apemphe kalata ya umboni. Andibwezere reji yakale ndi makope. Akakana, ndikafika ku depoti ndi dipuloma yeniyeni. Anapempha kuti ndiwalole amalize nyengo yogula thonje, chifukwa alimi ena anali asanayezetse thonje lawo pa sikelo. Ndinawapatsa masiku khumi.

Anafika pakhomo ndi sofa ndi kabati pa ngolo. Kalatayo anandipatsa ili m'pulasitiki kuti isadetsedwe. A Sitali analemba masamba awiri athunthu, ndipo pomaliza anati bungwe lililonse limene lidzalembe mayi ameneyu lidzakhala lapeza golide.

Ndisanapite ku Petauke ndinawakhazika a Hellen kuseri kwa nkhokwe masana atatu, kope lili pamwendo. Ndinawafunsa mayina a midzi, mayina a alimi otsogolera, mavuto amene anakumana nawo, mmene anathetsera mkangano wa sikelo. Anandiuza zonse, mawu ali pansi, ine ndikulemba. Wendy anatipeza tsiku lina n'kufunsa ngati amake akundiphunzitsa sukulu. Ndinapitiriza kulemba.

A Kangwa anawerenga kalatayo akugwedeza mutu. Anandifunsa za mkangano wovuta kwambiri umene ndinauthetsapo, ndipo ndinawafotokozera wa sikelo uja, ndi manja omwe, ngati ndinalipo. Ndinayamba ntchito pa 1 Seputembala. Amene anali woyamba pa mndandanda, mnyamata wina amene anagwiradi ntchito zaka zake ndi manja ake, anamutumizira uthenga womuthokoza chifukwa chofunsira.

8

Miyezi inayi yapitayo alimi a ku Sandwe anamva kumene amai Febby anapita. Anatumiza kalata ku ofesi yathu kudzera kwa dalaivala wa kanta, pamodzi ndi thumba la nshawa. Anathokoza chifukwa cha zaka ziwiri zija, natchula mayi wina amene amai Febby anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala ali ndi pakati, ndipo anati mwana amene anabadwayo anamutcha Febby. A Kangwa anaiwerenga mokweza pamsonkhano wa Lolemba. Anzanga anaimirira n'kuomba m'manja. Ine ndinapempha kutuluka.

Nshawazo ndinapita nazo kumudzi. A Hellen anamvetsera kalatayo ataweramitsa mutu, kenako anafunsa ngati mwanayo ali bwino. Ndinawauza kuti kalatayo sinanene. Masiku ano amalima dimba la tomato kumtsinje. Timapatsana moni, basi. Amama amauza alendo kuti Mulungu wayankha mapemphero, mwana wawo wophunzira wapeza ntchito. Kumapeto kwa mwezi ndimawatumizira zofunika pakhomo, koma sindidya chakudya chimene aphika. Ndimati ndadya kale m'njira.

Pa chionetsero cha zaulimi cha chaka chino ku Petauke ndinamva kuti a Sitali abwera. Ndinanamizira malungo.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene mwangotuluka ku koleji ndi envulopu m'khwapa, ndikudziwa kuti mukudikira malangizo. Ang'onoang'ono ndili nawo: pakalata lembani nambala yanu, reji yanu muzigona nayo, ndipo foni ikapanda kulira pitani nokha mukafunse. Koma sindinalembe nkhaniyi chifukwa cha zimenezo. Ena mwa inu mukufuna ndinene kuti ndinakaulula kwa a Kangwa. Sindinaulule, ndipo sindikulonjeza.

Kwa nthawi yaitali ndinkanyansidwa ndi amama, kenako ndi a Hellen. Amama anandibera kuti adyetse zidzukulu. A Hellen anandibera, koma anapita kukapsa ndi dzuwa m'minda ya anthu mpaka anthuwo anawakonda. Ine ndinaba thukuta lawo ndi malo a munthu amene sindimudziwa n'komwe, ndipo ndinachita zimenezo maso ali poyera, nditakhala pampando wa mu ofesi. Pa anthu atatu amene tinachita zimenezi, ndine ndekha amene ndinapita ku koleji, ndipo ndine ndekha amene ndikudyabe zakubazo.